Kumanga Tigalimoto ta Hot Rod

Lero m'nkhani yathu ya maluso a manja tikamba za nchito imene inakula kwambiri ku America, ndiyo yomanga tigalimoto tating'ono ta pulasitiki tofanizira magalimoto akale otchedwa hot rod. Kagalimoto kotere kamakwana pa cikhatho ca munthu wamkulu. Sikalira, sikayenda kokha, ndipo sikamangidwa kuti ana aziseweretsa pabwalo ai. Womanga afuna cinthu cimodzi, ndico cakuti makanika wodziwa nchito yace akakayang'ana pafupi abvomereze kuti galimoto imeneyi ikadakhala yaikulu ikadalira ndi kuyenda ndithu. Iye ali ndi ufulu wosintha kagalimoto kace monga afunira, koma tidzaona kuti ufulu umenewu uyenera kutsata zinthu ziwiri, ndizo muyeso woona ndi kudziwa galimoto yeniyeni.

Kodi hot rod n'ciani?

Kuyambira caka ca 1908 kufikira 1927 kampani ya Ford inapanga magalimoto a Model T oposa mamiliyoni 15, ndipo pambuyo pace inapanga a Model A. Pofika zaka za m'ma 1930 magalimoto akale amenewa anaculuka, mtengo wace nutsika kwambiri, kotero kuti ngakhale mnyamata wa malipiro ocepa akadatha kudzigulira imodzi. Anyamata a ku Los Angeles ndi mizinda yozungulira, m'cigawo ca California, ankagula magalimoto otere ndi kuwacotsa zonse zolemera, monga madigadi, mabampa ndi denga. Atatero ankakonza injini kuti ikhale ndi mphamvu zoposa zimene inabwera nazo. Kumapeto kwa sabata ankapita ku cipululu ca Mojave, kumene kuli nyanja zouma monga Muroc ndi El Mirage. Pansi pa nyanja zimenezi ndi posalala ndi polimba ngati bwalo lopunthira mapira, ndipo pamenepo ndi pamene ankayesana liwiro.

Mu 1932 Ford inatulutsa galimoto yotsika mtengo yokhala ndi injini ya V8, ndiko kunena injini ya masilinda 8 oikidwa m'mizere iwiri yokumana pansi ngati cilembo ca V. Mphamvu yace inali ya akavalo 65, ndipo inali yosabvuta kuionjezera. Galimoto ya caka cimeneco, imene eni ace anaipatsa dzina lakuti Deuce, inasanduka mfumu ya magalimoto onse a mtundu uwu. Mu 1937 magulu a anyamatawo anagwirizana nakhazikitsa bungwe la Southern California Timing Association kuti liziyang'anira mipikisano. Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse itatha mu 1945, asirikali ambiri anabwerera kwao atadziwa kuwotcherera zitsulo ndi kukonza mainjini, ndipo lusoli linakula msanga. Mu 1948 Robert Petersen anayamba magazini yotchedwa Hot Rod, ndipo mu 1951 Wally Parks anakhazikitsa bungwe la National Hot Rod Association, limene linalimbikitsa anyamata kuleka kuthamangitsana m'miseu ya anthu onse ndi kupita ku mabwalo okonzedwera mipikisano.

Tsono cofunika kukumbukira ndi ici: hot rod siipangidwa m'fakitale. Mwini wace amaimanga yekha ndi zida zocokera ku magalimoto osiyanasiyana. Thupi lingakhale la Model A ya 1929, felemu ya citsulo yonyamula thupilo nikhala ya 1932, injini nikhala ya caka cina. Cifukwa cace palibe ziwiri zofanana ndendende.

M'mene kagalimoto kanalowera m'bokosi

Si mnyamata ali yense amene anali ndi ndalama zogulira galimoto, ndipo ambiri okonda lusoli anali ana a sukulu osafika pa msinkhu woyendetsa. Makampani opanga zinthu za pulasitiki anaona njala imeneyi. Kampani ya AMT ya ku Michigan inayamba mu 1948, ndipo nchito yace yoyamba inali yopanga tigalimoto tomangidwa kale, timene ogulitsa magalimoto ankaonetsa kapena kupatsa ogula. Mu 1958 inayamba kugulitsa tigalimoto tosamanga, zidutswa zokhazokha m'bokosi, ndipo bokosi limodzi linali ndi njira 3 zomangira. Mwana akadatha kumanga galimoto monga inaturukira m'fakitale, kapena yokometsedwa, kapena ya mpikisano. Zidutswa zotsala ankazisunga, ndipo m'kupita kwa nthawi mwana ali yense anakhala ndi mulu wace wa zida, monga akulu ace anali ndi milu ya zitsulo kuseri kwa nyumba.

Makampani a Revell ku California ndi Monogram ku Illinois nawonso anagwira nchito yomweyo. Kuyambira mu 1962 Revell inapanga zifanizo za magalimoto a mmisiri wotchuka Ed Roth, monga Outlaw ndi Beatnik Bandit. Mu 1968 Monogram inatulutsa kagalimoto kotchedwa Red Baron, kojambulidwa ndi Tom Daniel. Galimoto imeneyi kunalibe pa dziko lapansi, koma kagalimotoko kanakondedwa kwambiri kotero kuti pambuyo pace amisiri anamanga yaikulu yeniyeni potsanzira kakang'onoko. Revell ndi Monogram zinaphatikizana mu 1986, ndipo mabokosi a tigalimoto totere akali kugulitsidwa kufikira lero.

Sikelo, mwini nchito yonse

Ana a sukulu amene anaphunzira kuwerenga mapu adziwa kale tanthauzo la sikelo. Pa bokosi la kagalimoto pamalembedwa nambala monga 1/25 kapena 1/24. Nambala ya 1/25 itanthauza kuti ciri conse ca pa galimoto yeniyeni cacepetsedwa ka 25, m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba momwe. Titenge citsanzo. Pa Ford ya 1932 mtunda wocokera pakati pa gudumu la kutsogolo kufika pakati pa gudumu la kumbuyo ndi mainchi 106, ndiwo masentimita 269. Tikagawa 269 ndi 25 tipeza masentimita 10.8, ndipo umenewo ndiwo mtunda woyenera pa kagalimoto.

Sikelo ya 1/25 iri ndi ubwino wina waukulu. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, cotero milimita imodzi pa kagalimoto iimira pafupifupi inchi imodzi pa galimoto yaikulu. Amisiri a ku America amayeza zonse ndi mainchi, ndipo womanga akawerenga kuti denga linatsitsidwa ndi mainchi 3, adziwa pomwepo kuti iye acotse mamilimita 3.

Koma sikelo imene imathandiza ndiyonso imaulula zolakwa, pakuti colakwa ciri conse cimakula ka 25. Mpata wa theka la milimita pakati pa zidutswa ziwiri uoneka ngati kanthu kacabe, koma pa galimoto yeniyeni ukadakhala mpata wolowa cala. Dontho la guluu lotambalala mamilimita 4 pa citseko liimira cipsera ca masentimita 10. Diso la munthu silidziwa masamu amenewa, koma limazindikira msanga kuti pali cina cosalongosoka.

Za m'bokosi ndi kamangidwe kace

Zidutswa zimapangidwa monga njerwa zipangidwira m'cikombole. Pulasitiki yosungunuka imakankhidwira mwamphamvu m'cikombole ca citsulo ca mbali ziwiri, ndipo ikazizira zidutswa zimaturuka ziri zolumikizika ku timitengo ta pulasitiki, monga zipatso pa nthambi. M'bokosi mupeza timitengo ta thupi, injini ndi mipando, tina tonyezimira ngati siliva, magalasi oonekera, matayala ofewa, pepala la zithunzi zomata, ndi pepala la malangizo.

Zida zofunika si zambiri: kampeni kakuthwa, katupa, sandipepa yosalala, kasowo ka mano ang'onoang'ono, rula ya citsulo, tiburashi, guluu ndi penti. Nchito yoyamba ndiyo kutsuka zidutswa m'madzi ofunda a sopo, kuti mafuta a m'cikombole acoke, popeza penti sagwira pa mafuta. Cidutswa musacithyole ndi manja ku kamtengo kace, koma mucidule ndi kampeni. Pamene mbali ziwiri za cikombole zinakumana pamatsala kamzere kotumphuka. Galimoto yeniyeni iribe mzere wotere, cotero mukapale ndi kukasalaza. Ndipo musanapake guluu, yambani mwagwirizanitsa zidutswa ziri zouma kuti muone ngati zikhalana bwino.

Guluu wa pulasitiki asiyana ndi ulimbo. Iye amasungunula nkhope za zidutswa ziwirizo kuti zisanduke cinthu cimodzi, monga zitsulo zowotcherera. Cifukwa cace wocepa akwanira, ndipo woculuka amafewetsa cidutswa ndi kucipinda. Zidutswa zonyezimira zakutidwa ndi kakhungu kopyapyala ka citsulo kamene guluu sadya, cotero pamalo polumikiza muyambe mwapala kakhunguko. Magalasi nawo amacita nkhungu akakhudzidwa ndi guluu wa pulasitiki, ndipo nkhungu imeneyi ndi yobvuta kucotsa. Amamatidwa bwino ndi guluu woyera wa akalipentala, amene amaoneka ngati madzi akauma.

Kusintha maonekedwe

Wotsata malangizo a m'bokosi kufikira mapeto amapeza kagalimoto kofanana ndi ka munthu wina ali yense amene anagula bokosi lomwelo. Koma taona kuti hot rod ndi galimoto ya munthu mmodzi, ndipo womanga waluso amacita pa thebulo lace zimene amisiri ankacita m'magalaji ao.

Kusintha kotchuka koposa ndiko kutsitsa denga. Amisiri ankadula nsanamira zonyamula denga ndi kucotsa mainchi angapo, kuti galimoto ipyole bwino mphepo ndi kuoneka yaukali. Pa kagalimoto, womanga amamata katepi kotambalala mamilimita 3 kuzungulira nsanamira zonse pa msinkhu umodzi, najambula mizere iwiri, wa pamwamba ndi wa pansi pa tepi. Poceka asatsate mzere weniweni ai, pakuti sowo nayo imadya pulasitiki. Aceke m'kati mwa mizere, ndi kutsiriza pang'onopang'ono ndi tupa. Cimene cadulidwa sicibwerera, ndipo nsanamira imodzi ikafupika koposa zinzace denga lonse limapendekeka.

Apa pali bvuto limene woyamba kumene saliyembekeza. Tengani ndowa, muibvundikire pansi, ndipo muganize kuti mwadula ndi kucotsa lamba pakati pace. Mukatsitsa mbali ya pamwamba mudzaona kuti siikumananso ndi ya pansi, cifukwa ndi yocepa. Denga la galimoto liri cimodzimodzi, popeza nsanamira zimapendekera m'kati. Pa Ford ya 1932 nsanamira ziri pafupifupi coongoka, cotero kusiyana kwace ndi kocepa, ndipo ndiyo galimoto yabwino yophunzirirapo. Koma pa magalimoto a denga lobulungira, monga Mercury ya 1949, denga liyenera kudulidwa pakati ndi kuonjezeredwa cigamba, kapena nsanamira zipendeketsedwe kuti zikumane nalo. Misoko imatsekedwa ndi phala la amisiri ndi kusalazidwa, ndipo magalasi a m'bokosi, amene tsopano akula, amadulidwa kapena kupangidwa atsopano.

Kusintha kwaciwiri ndiko kutsitsa thupi lonse. Pa galimoto ya m'fakitale thupi limakhala pamwamba pa felemu. Amisiri ena ankadula pansi pa thupi ndi kulitsitsa kuti libise felemuyo. Wocita izi pa kagalimoto akumbukire kuti kusintha kumodzi kumaitana kunzace. Thupi likatsika, mpando uyenera kutsika, ciongolero cisunthe, ndipo rediyeta ifupike kuti ilingane ndi mzere wa boneti. Woiwala zimenezi amamanga galimoto imene munthu sangakhalemo.

Kacitatu ndi kaimidwe. Hot rod yakale imakhala ndi matayala aakulu kumbuyo ndi ang'ono kutsogolo, cotero imaweramira kutsogolo ngati tambala wofuna kumenya. Izi zinayamba ndi cifukwa: tayala lalikulu limayenda mtunda wotalikirapo pa kuzungulira kumodzi, ndipo linaonjezera liwiro pa nyanja zouma. Womanga aike magudumu pomalizira, kagalimoto kali pa galasi kapena pa thebulo losalala, ndi kuonetsetsa kuti onse anai agunda pansi.

Injini isaname

Popeza ma hot rod ambiri ali ndi injini yoonekera, apa ndi pamene odziwa amayamba kuyang'ana. Akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Penti wonyezimira sangabise injini yolakwika.

Injini ya V8 yakale ya Ford imatchedwa flathead, cifukwa mitu yace ndi yafulati, mavalavu ali m'thupi la injini. Mbali iri yonse iri ndi masilinda 4, koma mapaipi oturutsa utsi ndi 3 okha, cifukwa masilinda awiri a pakati amagawana khomo limodzi. Kacida kogawa moto ku mapulagi kali kutsogolo kwa injini. Injini ya V8 ya Chevrolet, imene inaturuka mu 1955, iri ndi mapaipi 4 mbali iri yonse, ndipo kacida kace kogawa moto kali kumbuyo. Womanga akatenga mapaipi a injini ina ndi kuwamata pa inzace, wamanga cinthu cimene sicikadalira.

Nthawi nayo iyenera kulemekezedwa. Wofuna kuonetsa galimoto ya pa nyanja youma mu 1948 sangaikemo injini ya 1955, kapena matayala otambalala a zaka za pambuyo pace. Cifukwa cace omanga abwino amayamba ndi kuphunzira zithunzi zakale asanagwire mpeni.

Mabokosi ambiri alibe mawaya a mapulagi, ndipo womanga amaonjezera yekha. Waya weniweni wa pulagi ndi wonenepa pafupifupi mamilimita 7. Tikagawa ndi 25 tipeza pafupifupi 0.3 ya milimita, ndipo waya wotere apezeka m'zida zakufa za magetsi. Wonenepa koposa pamenepo adzaoneka ngati paipi ya madzi. Mawaya akhale 8, ali yense kucokera ku pulagi yace kunka ku kacida kogawa moto, ndipo agwe mofewa monga agwera enieni. Masiku ano ena amasindikiza zida zao ndi makina a 3D, koma lamulo la muyeso silinasinthe.

Penti ndi kudekha

Nchito ya masabata ambiri ingaonongeke m'mphindi zocepa pa nthawi yopaka penti. Coyamba pamapakidwa andakoti, amene amaonetsa zipsera ndi misoko yotsala, kuti isalazidwenso. Kenaka penti amapakidwa mopyapyala kangapo, wina akauma wina pamwamba. Wopaka wambiri nthawi imodzi amakwirira mizere ya zitseko, ndipo penti amayenderera. Mitundu ina ya penti wa magalimoto enieni ndi yaukali ndipo imadya pulasitiki, cotero muyambe mwayesa pa kamtengo kotsala. Thupi lopakidwa libvundikiridwe ndi bokosi loyera kuti fumbi lisagwepo, ndipo lisagwiridwe kufikira fungo la penti litatha. Zithunzi zomata, monga malawi a moto amene amakonda kujambulidwa pa boneti, zimabviikidwa m'madzi ofunda kwa kanthawi, kenaka zimatsetsereka kucoka pa pepala kunka pa thupi. Zimagwira bwino pa penti wosalala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wofulumira pa sitepe iyi amabwerera ku sandipepa.

Makolo acenjeze ana pa zinthu zitatu. Guluu ndi penti ziri ndi mpweya woipa ndiponso zimagwira moto, cotero nchito icitikire pa malo opita mphepo, kutali ndi mbaula kapena kandulo. Mpeni uzidula molunjika kutali ndi zala. Tizidutswa ting'onoting'ono tisungidwe posafika makanda.

Phunziro kwa ife

Mabokosi amenewa sapezeka kawirikawiri m'masitolo athu, ndipo oitanitsa kunja amalipira ndalama zambiri. Koma mtima wa nchitoyi si wacilendo kwa ife. Ana a ku Chipata, ku Katete ndi m'makomboni a Lusaka amamanga magalimoto a mawaya ndi zitini, okhala ndi ciongolero cokhota magudumu, ndipo amacita monga anyamata a ku California aja: amatola zotayidwa ndi kupanga cinthu ca iwo eni. Cimene mwana wotere angaonjezere pa luso lace ndi sikelo. Apemphe cilolezo kwa mwini galimoto, aiyeze ndi tepi, alembe miyeso m'buku, ndi kugawa yonse ndi 10. Galimoto ya mamita 4 idzakhala ya masentimita 40, ndipo gudumu la masentimita 60 lidzakhala la masentimita 6, pafupifupi ngati cibvundikiro ca kacitini ka polishi. Akatero adzaona kuti galimoto yace yayamba kufanana ndi yeniyeni m'njira imene diso lokha silikadakhoza.

Mwana wozolowera kuyeza asanadule, ndi kufunsa nchito ya cida ciri conse asanacimate, wayamba kale maphunziro a umakanika, a ukalipentala ndi a kujambula mapulani. Aphunzitsi ndi makolo, mukaona mwana ali kalikiliki ndi mawaya, mupatseni rula ndi pensulo.